Woima Kutsogolo Kuti Zibonga Zigwere Iye

Mu September 2024, madzi a m'nyanja ya Kariba atatsika chifukwa cha chilala, makomboni a mu Lusaka ankakhala opanda magetsi mpaka maola 21 pa tsiku. Ma TV anangoti zii, mafoni ankazima dzuwa lisanapendeke, ndipo anthu anabwerera ku masewera osalira chingwe. Ku Kanyama, ku Chawama ndi ku Matero, thabwa la drafuti, la zitsekerero za mabotolo zina zagada zina zovundikira, silinkasowa anthu olizungulira. Akuluakulu ankathira miyala m'maenje a nsolo, anyamata akudikirirana pa tebulo la pulu kuseri kwa kantemba.

Masewera onsewa ndi a munthu ndi mnzake. Wina akadya, ndiye kuti wina wadyedwa. Ndi masewera abwino, onola ubongo, ndipo palibe akufuna kuti athe. Koma ulipo mtundu wina wa masewera a patebulo umene anthu anayi kapena asanu amakhala mbali imodzi, kupambana limodzi, kugonjanso limodzi, ndipo ana a m'makomboni akuyenera kuudziwa. Nawonso salira magetsi. Amangofuna pepala, pensulo, madayisi ndi munthu wodziwa kukamba nthano. Mwa maudindo onse a m'masewerawa, woyenera kuphunzitsidwa mosamala kuposa ena ndi wa munthu amene amaima kutsogolo kuti adani amenye iye, anzake agwire ntchito yawo mosatekeseka. Osewera amamutcha thanki.

Otchuka kwambiri mwa masewera otere ndi Dungeons & Dragons, amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anawatulutsa mu 1974 ku Lake Geneva, m'chigawo cha Wisconsin ku America. Poyamba anasindikiza mabokosi 1,000 okha, lililonse lili ndi timabuku titatu. Kampani ya Wizards of the Coast inawagula mu 1997, ndipo malamulo amene ambiri akutsatira lero anatuluka mu 2014, n'kukonzedwanso mu 2024. Kaseweredwe kake n'kosavuta kukamva. Munthu mmodzi, Dungeon Master, ndiye mwininthano: amafotokoza malo, amayankhula m'malo mwa mafumu, amalonda ndi achifwamba, ndipo amayendetsa adani onse. Ena onse aliyense ali ndi ngwazi yake imodzi yolembedwa papepala, mphamvu zake ndi zofooka zake zili m'manambala. Wosewera akanena chimene akufuna kuchita, monga kuthyola chitseko kapena kukantha mdani, amaponya dayisi ya mbali 20, ndipo nambala imene yatuluka ndiyo imagamula.

Ngwazizi sizinalengedwe zofanana, ndipo n'zochita kufuna. Wamatsenga angathe kugonetsa tulo adani angapo nthawi imodzi, koma poyamba masewera amakhala ndi mapointi a moyo pafupifupi 8 basi, ndipo savala zovala zankhondo. Wankhondo amayamba ndi mapointi ngati 12, malaya aunyolo ndi chishango, zimene zimamupatsa nambala ya chitetezo 18, pamene ya wamatsenga kawirikawiri imakhala cha m'ma 12.

Kusiyanako kumaoneka kochepa mpaka munthu atawerengera. Goblin, kachilombo kamene pafupifupi gulu lililonse latsopano limakumana nako, kamawonjezera 4 pa nambala imene mwininthano waponya, ndipo kakamenya kamachotsa mapointi asanu kapena asanu ndi limodzi. Kuti kamupweteke wankhondo, dayisi iyenera kugwera pa 14 kapena kuposa, ndiye kuti maulendo 7 pa 20 alionse. Kuti kamupweteke wamatsenga, 8 ndi yokwanira, maulendo 13 pa 20. Wamatsenga amagwa atalasidwa kawiri, wankhondo katatu. Masamu onsewo akaphatikizidwa, goblin amafunika kuyesa katatu kokha kuti agwetse wamatsenga, koma kasanu ndi katatu kapena kasanu ndi kanayi kuti agwetse wankhondo. Nkhonya yomweyo, yochokera kwa mdani yemweyo, imaliwonongera gulu pafupifupi katatu ikagwera munthu wolakwika. Ntchito yonse ya thanki yagona pamenepa: kusankha kumene nkhonyazo zigwere.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Wosewera watsopano akamva kuti iye ndi thanki, nzeru zake zonse zimathera pa kudzilimbitsa. Amasunga ndalama za m'nthano kuti agule zovala zachitsulo za thupi lonse, zimene mtengo wake m'buku ndi ndalama zagolide 1,500, nambala yake ya chitetezo ifike pa 20. Kenako amakaima pakati pa bwalo, monyadira, kudikira. Adani aja amangomulambalala. Mphindi zochepa, wamatsenga ali gada, wochiritsa akuthawa, ndipo ngwazi yachitsulo ija ili chiimire, yopanda ngakhale kabala, gulu lake litatha.

Chifukwa chake n'chakuti patebulo mdani ali ndi mutu wa munthu. M'masewera a pakompyuta monga World of Warcraft, amene anatuluka mu 2004, thanki amadina batani ndipo chilombo chimakakamizika kutembenukira kwa iye, chifukwa makina anawakonza choncho. Patebulo batanilo kulibe. Amene akuyendetsa achifwamba ndi mwininthano, ndipo ngati achifwambawo ndi ochenjera, sangataye nthawi kugogoda chitsulo pamene pambali pake paima munthu wovala mkanjo amene angawagonetse onse. Malamulo amene anatuluka mu 2008 anayesa kuthetsa vutoli poika lamulo lakuti wotchinga angathe kuika chizindikiro pa mdani, ndipo mdaniyo akamenya wina amachotseredwa 2 pa dayisi yake. Malamulo a 2014 anachotsa zambiri mwa zimenezo. Lero thanki ayenera kudzipezera yekha njira yochititsa mdani kuona kuti kumusiya iye n'kowawa kuposa kulimbana naye.

Njira yoyamba, imene ilibe mtengo uliwonse, ndi malo oima. Nkhondo za m'masewerawa zimajambulidwa pa pepala la timabokosi, kabokosi kalikonse kakuimira mita imodzi ndi theka, ndipo lamulo likuti mdani sangadutse pa kabokosi kamene paima munthu wolimbana naye, pokhapokha ngati akusiyana kwambiri msinkhu. Mwana wokulira m'komboni ya George kapena ku Kanyama sachita kuuzidwa tanthauzo la zimenezi. Amadziwa tinjira ta pakati pa nyumba timene anthu awiri sangapatukirane popanda wina kutsamira khoma, ndipo nthawi ya dzinja, madzi akasefukira, amadziwa kuti njira yonse imasanduka mzere umodzi wa miyala ndi njerwa zopondapo. Thanki wabwino amayang'ana malo otere nkhondo isanayambe: khomo, mlatho, kanjira kothina, pakati pa ngolo ndi khoma.

Nachi chitsanzo. Gulu la anayi lalowa m'nyumba yakale, ndipo ma goblin asanu akubwera kuchokera panja. Wankhondo akathamangira pabwalo kukawachingamira, asanu onsewo amamuzungulira, kapena atatu amatsala naye awiri n'kulowa m'nyumba. Koma akaima pakhomo penipeni, mmodzi yekha ndiye angamufikire ndi chikwanje, enawo akungodikira pamzere. Akafuna kuponya mivi kudutsa iye, lamulo limati munthu woima pakati amatchingira amene ali kumbuyo kwake, ndipo chitetezo chawo chimakwera ndi 2. Wamatsenga amaima timabokosi titatu kumbuyo, woponya mivi pawindo, wochiritsa pafupi ndi msana wa wankhondo. Manambala a papepala sanasinthe, adani ndi omwewo, koma nkhondo imene ikanapha munthu yasanduka yopepuka chifukwa cha kabokosi kamodzi.

Pabwalo poyera, pamene palibe khomo loti atseke, thanki amadalira zina. Lamulo limamupatsa mwayi wokantha mdani amene akuchoka pafupi naye, koma mwayiwo ndi umodzi pa raundi iliyonse, ndipo raundi imaimira masekondi 6. Akauthera pa kachilombo kopanda pake, chimphona chimadutsa mwaulere. Choncho amafunika kudziwiratu amene akumusungira. Ma goblin amavutanso pamenepa, chifukwa ali ndi luso lozemba osakanthidwa. Mankhwala ake ndi manja: malamulo amalola kugwira mdani, ndipo wogwidwa sangasunthe mpaka atadzipulumutsa. Kumugwetsa pansi kumathandizanso, pakuti anzake oima pafupi amamumenya mosavuta. Osewera ambiri amaiwala kuti zimenezi zilipo, chifukwa kugwira sikuchotsa mapointi a mdani ndipo patebulo sipamveka mfuu. Koma chimphona chimene chagwidwa mkono sichifika kwa wochiritsa.

Zilipo zida zina zimene wosewera angasankhe pamene ngwazi yake ikukula. Kamenyedwe kotchedwa Protection kamalola wa chishango kusokoneza nkhonya yopita kwa mnzake woyandikana naye, moti mdani amaponya madayisi awiri n'kutenga nambala yaing'ono. Luso lotchedwa Sentinel limaimitsiratu mdani amene wakanthidwa pothawa, ngakhale akhale wodziwa kuzemba. Wankhondo wa mtundu wotchedwa paladin akafika pa mlingo wachisanu ndi chimodzi, onse oima mkati mwa mamita atatu kuchokera pamene ali amalimba ku matsenga ndi poizoni. Koma chosangalatsa kuposa zonsezi ndi cha wankhondo wa mtundu wina, wotchedwa barbarian. Iyeyu akakwiya, mabala a lupanga, mkondo ndi chibonga amamupweteka theka lokha. Kuyambira pa mlingo wachiwiri amatha kumenya mosadziteteza, zimene zimakulitsa mwayi wake wolasa, koma zimakulitsanso mwayi wa adani womulasa iye. Ongoyang'ana amaona ngati kupusa. Kwenikweni ndi nyambo. Mwininthano akaona kuti munthu uyu ndi wosavuta kumenya, ndiponso kuti akamusiya awononga, amatembenuzira adani kwa iye mosakakamizidwa. Barbarian wotere amateteza gulu kuposa ngwazi yachitsulo ija imene palibe angaikhudze.

Pakamwa naponso ndi chida. Popeza adani akuyendetsedwa ndi munthu, mawu amagwira ntchito. Wankhondo amene waitana mtsogoleri wa achifwamba ndi dzina pamaso pa anyamata ake, n'kumuuza kuti abwere yekha ngati ndi mwamuna, wamupatsa mwininthano chifukwa chomveka chotumizira mtsogoleriyo kwa iye. Ndiponso thanki ndiye amaona bwalo lonse, choncho ndiye woyenera kufuula kuti, "Iwe, bwerera kumbuyo kwanga!" mnzake asanalowe m'mavuto.

Nzeru imeneyi si yachilendo kuno. Ankhondo a Azulu ankaima mofanizira mutu wa ng'ombe: gulu lapakati, lotchedwa chifuwa, linkagwira mdani maso ndi maso, pamene nyanga ziwiri zinkazungulira m'mbali. Ndi mmene anagonjetsera Angerezi ku Isandlwana pa 22 January 1879. Angoni amene anawoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu 1835 anabwera ndi chishango chachikopa cha ng'ombe, chimene mpaka lero chimaoneka ku Mtenguleni pa mwambo wa Nc'wala mwezi wa February. Mnyamata wa ku Mtendere amene agogo ake anachokera ku Chipata sakufunika kubwereka msilikali wa ku Ulaya wa zaka mazana apitawo kuti alembe ngwazi yake.

Koma sukulu yaikulu ya udindo umenewu mu Lusaka ndi mpira. Aliyense wa msinkhu wokwanira amakumbukira kumene anali usiku wa pa 12 February 2012, pamene Chipolopolo, timu ya Zambia, inatenga chikho cha Africa ku Libreville. Chimene sichikambidwa mokwanira ndi momwe timuyo inafikira kumeneko. Pa masewero asanu ndi limodzi inagoletsedwa zigoli zitatu zokha, ndipo pa masewero anayi omaliza, ndi Equatorial Guinea, Sudan, Ghana ndi Ivory Coast, mpira sunalowe mu ukonde wake ngakhale kamodzi nthawi ya masewero. Pa ndime ya matimu anayi ku Bata, Ghana inapatsidwa penate masewero atangoyamba kumene, ndipo Kennedy Mweene, mwana wobadwira mu Lusaka momwemo, anagwira mpira wa Asamoah Gyan. Emmanuel Mayuka anadzagoletsa patatsala mphindi 12 kuti masewero athe. Chigolicho chinakhala chopambanitsa chifukwa kwa mphindi zoposa 70 Mweene, Stoppila Sunzu ndi Hichani Himoonde anali atanyamula katundu yense amene Ghana inawaunjikira.

Pa ndime yotsiriza anakumana ndi Didier Drogba, Yaya Touré ndi Gervinho, amene panthawiyo ankasewera m'matimu akuluakulu a ku England. Joseph Musonda, wotchinga kumbuyo amene anatumikira timuyo zaka zambiri, anavulala mphindi zoyambirira n'kutuluka m'bwalo akulira. Otsalawo anagwira mphindi 120 popanda chigoli. Pa mapenate Mweene anamwetsa yake, anagwira ya Kolo Touré, ndipo yomaliza, imene inapangitsa 8 kwa 7, anamenya ndi Sunzu, wotchinga pakati. Chithunzi chimene ambiri sadzachiiwala ndi cha mphunzitsi Hervé Renard atanyamula Musonda m'manja kupita naye kumene anzake ankavina. Zofanana nazo zinachitika mu 1994: timu imene inamangidwa mwachangu pambuyo pa ngozi ya ndege ya pa 27 April 1993 inafika pa ndime yotsiriza ku Tunis isanagoletsedwe chigoli, Elijah Litana ndi Harrison Chongo ali pakati kumbuyo, James Phiri ali pagolo.

Wotchinga kumbuyo wabwino sayesedwa ndi kukula kwa thupi. Amayesedwa ndi pamene waima mpira usanafike, amene wasankha kumutsatira, ndi mmene amayankhulira ndi anzake. Ndi mndandanda womwewo wa thanki.

Komabe pa mabwalo afumbi a m'makomboni, pamene ana akusewera mpira wa chimpombwa, wopita pagolo kapena kumbuyo nthawi zambiri amakhala wamng'ono pa onse, wonenepa, kapena amene wafika mochedwa. Chizolowezi chomwecho chimapezeka patebulo kulikonse kumene masewerawa amaseweredwa: wobwera kumene amapatsidwa wankhondo, ati chifukwa ndi wosavuta, alibe matsenga ambiri oloweza. N'zoona kuti pepala lake ndi lalifupi. Koma zosankha zake ndi zolemera kuposa za wina aliyense, chifukwa iye akaima polakwika amene amagwa ndi mnzake. Ngati gulu lili ndi munthu wodziwa bwino drafuti, amene amaona mayendedwe atatu kutsogolo ndipo amadziwa kupereka chitsekerero chimodzi kuti adye ziwiri, ameneyo ndiye woyenera chishango. Wobwera kumene angayambe ndi uta, aime kumbuyo, aziona.

Alipo osewera odziwa bwino amene amatsutsa zonsezi. Iwo amati m'malamulo a lero thanki weniweni kulibe, ndipo chitetezo choposa zonse ndi kupha adani msanga, popeza mdani wakufa samenya. Mfundo yawo ili ndi mutu. Gulu limene limathetsa nkhondo m'maraundi atatu limalandira mabala ochepa kuposa limene limaikoka mpaka maraundi asanu ndi awiri, ndipo thanki amene sangapweteke aliyense amanyalanyazidwa, monga taonera kale. Choncho wankhondo asataye lupanga lake chifukwa cha chishango. Koma mfundoyo imaiwala kuti amene amapha msanga ndi omwe aja ofooka thupi. Matsenga amphamvu ambiri amafuna kuti wamatsenga asasokonezedwe maganizo, ndipo akangolasidwa amaponya dayisi; ikagwa moipa, matsengawo amazimiririka. Nkhondo ya maraundi atatu imatheka pokhapokha ngati wina wamupatsa wamatsengayo maraundi atatuwo ali chilili.

Cholakwika china ndi cha mbali inayo, ndipo chimagwira osewera a mtima wabwino. Amaganiza kuti thanki ndi wodzipereka kufa, ndiye sabwerera m'mbuyo ngakhale zitavuta. Mapointi a moyo a thanki ndi chuma cha gulu lonse, si ake yekha. Akagwa, khomo lija latseguka, wochiritsa amasiya zonse kuti amudzutse, ndipo iye mwini amayamba kuponya madayisi a imfa, amene akalephera katatu ngwaziyo yapita. Wodziwa ntchito amawerengera: ngati nkhonya ziwiri zikubwerazo zingamugwetse, amauza anzake nthawi ikadalipo. Angathe kusiya kumenya raundi imodzi n'kungozinda, zimene zimachititsa adani onse kuponya madayisi awiri n'kutenga nambala yaing'ono. Angathe kubwerera pang'onopang'ono mpaka pakhomo lina. Angathenso kunena kuti gulu lonse lithawe, ndipo mawu amenewo akachokera kwa woima kutsogolo anzake amawamvera msanga kuposa akachokera kwa wina.

Mbali ina ya udindowu ili m'manja mwa mwininthano, ndipo pano Lusaka ali ndi mphunzitsi wake. Amene anakula akumvetsera wayilesi m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 amakumbukira Julius Chongo ndi pologalamu yake ya Chinyanja ya Poceza m'Madzulo, mmene munthu mmodzi ankasinthira mawu kukhala nkhalamba, mwana, mfumu ndi chilombo, chilichonse ndi khalidwe lake. Mwininthano wabwino amachita chimodzimodzi ndi adani. Fisi amathamangira wofooka ndi wovulala. Njati yolasidwa imalunjika amene ali patsogolo pake. Achifwamba ochenjera amafuna wamatsenga, koma mtsogoleri wawo wodzikuza sangapirire kunyozedwa. Adani akakhala ndi makhalidwe otere, thanki amakhala ndi choti awerenge ndi choti agwiritse ntchito. Mwininthano amene nthawi zonse amalambalala thanki amapha udindowo, ndipo amene nthawi zonse amaunjikira adani pa chishango amaupeputsa. Zonse ziwiri zimamulanda wosewerayo chimene anabwerera.

Nanga zingatheke bwanji ku Kalingalinga kapena ku Chawama, kumene buku lochokera kunja ndi la mtengo woposa thumba la ufa kangapo? Malamulo oyambira akhala akupezeka mwaulere pa intaneti kuyambira mu 2014, ndipo mu January 2023 kampani ya Wizards of the Coast inamasula gawo lalikulu la malamulowo pansi pa chilolezo cha Creative Commons, kutanthauza kuti aliyense angathe kuwamasulira m'Chinyanja, kuwasindikiza ndi kuwagawa, bola atchule kumene achokera. Imeneyi ndi ntchito yoti wophunzira wa pa University of Zambia, imene ili moyandikana ndi Kalingalinga, angaigwire pa tchuthi chimodzi. Dayisi ya mbali 6 ili kale m'bokosi la Ludo. Ya mbali 20 ikasowa, timapepala 20 tolembedwa manambala, toikidwa m'kathumba, timagwira ntchito yomweyo, bola kotengedwako kazibwezedwa nthawi iliyonse. Kope la masamu la timabokosi ndi bwalo lankhondo lokwanira.

Chovuta chenicheni ndi makolo, ndipo nkhawa yawo iyenera kuyankhidwa mwaulemu. Dayisi m'maso mwa mayi wa m'komboni ndi njuga, ndipo poona mmene nyumba zobetchera mpira zachulukira m'misika, mayiyo sakulakwa kukayikira. Yankho lake ndi losavuta kulionetsa: patebulopa sipaikidwa ngakhale ngwee imodzi, ndipo palibe amene amadya mnzake. Nkhani ya matsenga ndi yolemererapo m'dziko limene linalengezedwa kuti ndi lachikhristu mu December 1991. Ku America nakonso mantha amenewa analiko: mu 1983 Patricia Pulling anayambitsa bungwe lolimbana ndi masewerawa, ndipo mu 1989 osindikiza anachotsa maina a ziwanda m'mabuku awo. Mwininthano wa ku Matero sakukakamizidwa kugwiritsa ntchito chilichonse chimene mpingo wa ana ake ungakhumudwe nacho. Adani angakhale ng'ona za pa doko, mikango, ogula akapolo a zaka za m'ma 1800, kapena achifwamba olanda ng'ombe. Wamatsenga angalowedwe m'malo ndi mlenje wa uta, wochiritsa akhale wodziwa zitsamba. Thanki yekha sasowa kusinthidwa, chifukwa zida zake ndi chishango, mkondo ndi malo oima. Ndipo kholo lokayikira liitanidwe likhale pampando, limvetsere madzulo amodzi.

Amene akuyambitsa gulu, kaya ndi mphunzitsi, mtsogoleri wa achinyamata kutchalitchi kapena mkulu wawo wa anawo, akonze nkhondo yoyamba mwadala. Ajambule bwalo lokhala ndi malo amodzi othina, koma asawauze. Adani akhale anayi kapena asanu, ofooka, kuti kulakwitsa kusaphe munthu tsiku loyamba. Mmodzi mwa adaniwo ayese kulambalala wa chishango, kuti gulu lione ndi maso ake chimene chimachitika kumbuyo kukatseguka. Pogawa mapointi a luso, amene amakulitsa ngwazi, nkhondo itatha, atsatire buku, limene limati agawidwe mofanana kwa onse amene analipo, posayang'ana amene wapha adani angati. Kenako afunse aliyense kuti watsala ndi mapointi a moyo angati, alembe manambalawo pamene onse akuona, ndipo wa chishango afotokoze yekha chifukwa chimene anaimira pamene anaima, ndi pamene akufuna kudzaima sabata yamawa.